Dandaulo pa ampu ya besi imene munandigulitsa

Kwa Bwana Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni yandikwana. Kuyambira mwezi wa Juni ndakhala ndikuimba pa nambala ya pashopu panu, ndipo mayankho ake ndawaloweza pamtima: abwana angotuluka kumene, abwana ali ku Joni kukatenga katundu, abwana ali ku maliro. Sindikudziwa ngati malirowo ndi amodzi kapena angapo, koma ngati ndi angapo, pepani kwambiri. Poti pafoni simupezeka, mwina pepala likupezani patebulo.

Nkhani yake ili m'buku lanu lija lachikuto chofiira, mmene mtsikana wa pakauntala analemba dzina langa. Ndinabwera ndi ampu yanga yakale, chida chokuzira mawu a gitala ya besi, inu munaiika mtengo, ine n'kuwonjezera ndalama pa Airtel Money, ndipo ndinatuluka ndi ampu yaikulu ya sipika ya mainchesi 15. Munandiuza ndi pakamwa panu kuti ngakhale ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, yadutsa m'manja mwa tekinishani wanu. Palisiti munalemba galanti ya miyezi itatu, n'kusainira nokha.

Ife oimba timagulitsana zida pamanja nthawi zonse, ndipo mtengo wake umakhala wotsika kuposa wa m'shopu. Mnzako akamakugulitsa ampu amakuuziratu chilema chake: iyi ikatentha imadula mawu, iyi batani la voliyumu limakanda, iyi usaiyike pa jenereta. Amanena chifukwa akudziwa kuti Loweruka mukumana pa ukwati womwewo. Ine ndinasiya njira imeneyo n'kubwera kwa inu, ndinalipira zambiri, chifukwa ndinkafuna lisiti ndi galanti. Ampu yanga yakale inalibe mlandu. Inandiimbira zaka zoposa 10, kungoti inali yaing'ono, pa ukwati wa panja ng'oma zinkaimeza.

Usiku womwewo nditafika nayo ku Zomba, ndinaiyatsa n'kumva ikung'ung'udza ngati njuchi zili m'mtsuko. M'mawa ndinaimba foni, mnyamata wanu n'kundiuza kuti vuto ndi mawaya a m'nyumba mwanga, mulibe ethi, waya wolowa m'nthaka uja. Chabwino. Ndinainyamula kupita nayo kutchalitchi kwathu, kumene mawaya anaikidwa atsopano chaka chatha. Ndinasintha kebulo. Ndinazula gitala, voliyumu ndinaitsitsa mpaka pa ziro. Njuchi zija zinali momwemo. Aliyense amene wakhalapo ndi ampu amadziwa kuti phokoso likamapitirira gitala itazulidwa, voliyumu ili pansi, ndiye kuti matenda ali m'kati, kumbali yolandira magetsi, ndipo kawirikawiri amakhala makapasita, tizipangizo tosunga ndi kusalaza mphamvu ya magetsi, amene akalamba n'kuuma. Zimenezi ndinamufotokozera mnyamatayo. Anangoti, "Bwerani nayo."

Ndinabwera nayo. Mwina simunakwerepo minibasi ndi ampu, Bwana, choncho ndikuuzeni mmene zimakhalira. Kondakitala salola kuti ikhale pamiyendo, ndipo kumbuyo kumakhala matumba a makala ndi nsomba zouma, ndiye umalipira mipando iwiri. Ukatsika ku Limbe kabaza sangaitenge, umafuna mnyamata wa wilibala, iwe ukuyenda pambali kugwirizira kuti isagwe m'maenje. Ndinafika cha m'ma 10 koloko, n'kuuzidwa kuti tekinishani sabwera Lachiwiri. Ndinapempha kuti ndiisiye, anakana, akuti salandira katundu mwini ntchito kulibe. Munthu yemweyo amene anati bwerani nayo sanathe kundiuza pafoni kuti Lachiwiri ndi tsiku lopuma. Ndinabwerera nayo, mipando iwiri kachiwiri.

Loweruka lotsatira tinali ndi ukwati, ndipo ndinalibe ampu ina, poti yanga yakale inali kwa inu. Imene munandigulitsayo inaimba bwino ndithu nyimbo zolowera akwati, kung'ung'udza kuja kunkabisala m'phokoso la anthu. Itafika nthawi ya perekaniperekani, a kuchikazi atadzaza bwalo ndalama zili m'manja, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Nsambo yaikulu ija, ya E, inayamba kulira ngati pepala long'ambika, kenako zii. Utsi unkatuluka kumbuyo ngati mbaula ya makala aiwisi. Mnyamata wa kiyibodi ndi amene anatipulumutsa, anamaliza ukwati wonse akuimba besi ndi dzanja lamanzere, ine nditangokhala pampando gitala ili pamiyendo ngati mlendo woitanidwa. A tcheyamani a ukwati anatidula ndalama, ndipo sindinawatsutse. Analipira bandi ya anthu asanu, anamva anayi.

Ulendo wachiwiri munailandira, koma musanaitsegule n'komwe chigamulo chinali chitaperekedwa kale: yapsa ndi jenereta, ndipo galanti sikhudza za jenereta. Holo imene tinkaimbamo inali pa magetsi a pakhoma, sanazime tsiku limenelo. Mikisa ndi kiyibodi zinali pa ekisitenshoni imodzi ndi ampuyo, ndipo mpaka lero zikugwira ntchito. Jenereta imene munaiona inu muli ku Limbe, ife amene tinali mu holomo sitinaione.

Patatha milungu itatu ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera pa nambala ya shopu woti katundu wanu watheka. Uthengawo ndinausunga. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinakwera minibasi. Ampu ndinaipeza pakona pomwe ndinaisiya, fumbi lili mbuu, pamwamba pake pali mbale ya chipisi ndi botolo la Fanta. Sikuluwu ngakhale imodzi inali isanamasulidwe.

Zimene zinachitika pamenepo ndi zimene zandilembetsa kalatayi, kuposa ndalama. Mnyamata wanu wamtali uja, amene amakhala pafupi ndi magitala opachika, anali pafoni kuonera mpira. Ndinapereka moni, sanadzutse mutu. Nditamuonetsa uthenga uja anati unatumizidwa molakwika, unali wa kasitomala wina. Ndinafunsa kuti nanga ndalama ya ulendo wanga abweza ndani. Apo m'pamene anaika foni pansi, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, nati, "Madala, katundu wa kaunjika sabweza. Mumafuna galanti pa kaunjika?" Ndinatulutsa lisiti n'kumulozera siginecha yanu. Anaseka, natembenukira anzake awiri amene ankayesa masipika, nati, "Komanso besi yake yoimbira m'tchalitchi, Ambuye amamva ngakhale popanda ampu." Onse anafa nako kuseka. M'shopumo munali makasitomala ena, mmodzi anali mayi amene ankagulira mwana wake kiyibodi, ndipo anayang'ana pansi chifukwa cha manyazi amene mnyamata wanuyo analibe. Ine ndili ndi ana ausinkhu wake. Ndinayamba kugwira besi iye asanabadwe. Sindinamuyankhe, osati chifukwa ndinasowa mawu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinakoka mpando n'kunena kuti sindichoka mpaka tekinishani abwere. Anafika cha m'ma 3 koloko. Iyeyu ndilibe naye chifukwa, ndi bambo aulemu, ndipo anatsegula ampuyo ine ndikuona. Choyamba kutuluka chinali fyuzi. Inali yakufa kalekale, galasi lake lakuda bii, wina anaikulunga ndi kapepala kasiliva ka m'paketi ya ndudu n'kuibwezera m'malo mwake. Makapasita awiri akuluakulu anali otupa pamwamba ngati zitumbuwa, limodzi litadontha zamadzimadzi zimene zinauma pa bolodi. Titachotsa sipika tinapeza kuti si ya ampuyo, ndi ya m'galimoto, zija anyamata amaika m'buti, ndipo pa maginito ake palembedwa 2 ohms. Kumbuyo kwa ampu, pafupi ndi pamene pamalowa chingwe cha magetsi, opanga analemba okha kuti isatsike pa 4 ohms.

Inu mumagulitsa zida zimenezi, ndiye sindikuphunzitsani, koma ndilembe kuti zikhale papepala. Sipika ya 2 ohms imakoka moto wochuluka kawiri kuposa ya 4 ohms, ndipo matranzisita amatentha kupyola muyeso wake, makamaka pa besi pamene nsambo zokhuthala zimafuna mphamvu zambiri. Zikafika poipa fyuzi ndi imene imayenera kufa kuti zina zonse zipulumuke. Apa fyuzi inali itamangidwa ndi siliva wa ndudu, ndiye m'malo mwake zinapsa ndi zam'kati. Ukanakhala usiku m'nyumba, ana atagona, bwenzi tikukamba nkhani ina. Ndinawafunsa bambowo ngati ampuyi inadutsadi m'manja mwawo isanagulitsidwe. Sanayankhe, anangoyamba kutolera masikuluwu. Zithunzi ndinajambula, za fyuzi, za makapasita ndi za sipika.

Kuyambira tsiku limenelo mwakhala mukunditumizira mawu kudzera mwa anyamata anu akuti zipangizo zikuvuta chifukwa cha ndalama zakunja. Zoti ndalama zakunja zikusowa tonse tikudziwa, nsambo za besi zinakwera mtengo kwacha itagwa mu Novembala 2023 ndipo sizinatsikenso, enafe timachita kuziwiritsa m'madzi kuti ziyambenso kulira. Koma fyuzi sifuna madola, ili pa msika wa Limbe pomwepo, kuyenda wapansi kuchokera pakhomo panu.

Kukonza sindikukufunanso. Ampu imene inabisa zinthu zitatu sindikudziwa kuti yabisanso chiyani. Ndikanapempha kuti mundibwezere yanga yakale pamodzi ndi ndalama imene ndinawonjezera, koma ndinaiona pa sitetasi ya shopu yanu mwezi watha, ndinaizindikira ndi chigamba cha pakona chimene ndinasoka ndekha, ndipo pansi pake panalembedwa kuti yagulidwa. Yanga munaigulitsa msanga ndithu, pamenepo tekinishani sanachedwe. Choncho ndikufuna ndalama yonse imene ili palisiti, mtengo umene munaika pa ampu yanga kuphatikiza imene ndinatumiza, ndiponso ya maulendo atatu a minibasi. Imene anatidula a tcheyamani a ukwati ndaisiya.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akatha ndikapereka dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limamva madandaulo a ogula, pamodzi ndi lisiti, uthenga uja ndi zithunzi. Lamulo loteteza ogula lilipo m'dziko muno kuyambira 2003, ndipo palisiti panu sipanalembedwe kuti kaunjika. Pa gulu lathu la WhatsApp la oimba a m'makwaya ndi m'mabandi sindinatchulepo dzina la shopu yanu mpaka pano, ngakhale anzanga akhala akundifunsa kuti ampu yosuta fodya ija ndinaigula kuti. Mukamayankha, chonde muyankhe nokha, ndipo mnyamata uja asandiimbire.

Ine kasitomala wanu,
Woimba besi wa ku Zomba