Tibwezereni kachetechete m'Misa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mkangano wa Misa yakale ya Chilatini, womwe wakhala ukutokota pakati pa Akatolika padziko lonse. Mu 2007 Papa Benedict XVI analola wansembe aliyense kugwiritsa ntchito buku la Misa la 1962 popanda kupempha chilolezo kwa episkopi wake. Pa 16 Julayi 2021 Papa Francis anachepetsa ufuluwo kudzera m'chikalata cha Traditionis Custodes, ndipo kuyambira pamenepo abale a Mpingo umodzi akhala akulozana zala pa intaneti. Ine sindipita ku Misa ya Chilatini, ndipo sindikupempha kuti ibwerere m'parishi iliyonse. Komabe ndikuona kuti anthu amene amaikonda ali ndi mfundo imodzi yomwe enafe tikuizemba dala chifukwa ikutiwawa.

M'matchalitchi ambiri munthu sapezanso mpata wokhala chete pamaso pa Mulungu. Ulaliki ukangotha, kwaya yayamba. Anthu akangolandira Ukaristia, wina waima kale pa maikolofoni ndi zolengeza, ndipo nthawi zina zolengezazo zimatalika kuposa Pemphero la Ukaristia lenilenilo. Misa isanayambe, m'tchalitchi mumamveka macheza okhaokha, nyali ya pa tabernakulo ili chiyakire. Okonda mwambo wakale akamati taiwala kuti Misa ndi nsembe ya pa Kalvari, timafulumira kuwatcha ouma mitu. Koma tikayang'ana mmene timalowera ndi kutulukira m'tchalitchi, yankho lathulo silikhutiritsa.

Chodabwitsa n'chakuti mbali zonse ziwiri zimanamizira Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, womwe unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Ena amautamanda kuti unathamangitsa zakale, ena amaudzudzula pa chifukwa chomwecho, ndipo ndimakayika ngati ambiri mwa iwo anawerengapo chikalata chake cha chipembedzo, Sacrosanctum Concilium, chomwe chinatuluka pa 4 Disembala 1963. Ndime 36 imanena kuti Chilatini chisungidwe, kenako n'kutsegula khomo la zinenero za anthu. Ndime 54 imafuna kuti akhristu azitha kunena kapena kuimba pamodzi m'Chilatini zigawo za Misa zomwe ndi zawo. Ndime 116 imapereka malo oyamba ku nyimbo za Gregorian, nyimbo zakale za Mpingo zoimbidwa m'Chilatini. Ndipo ndime 30, yomweyo imene imalimbikitsa anthu kuyankha ndi kuimba, imathera pa lamulo loti pa nthawi yoyenera onse akhale chete mwaulemu. Tinatolapo kuimba ndi kuyankha, zinazo tinazisiya pansi.

Onaninso nkhani ya kusala kudya tisanalandire Ukaristia. Kwa zaka mazana ambiri Mkatolika ankasala chakudya ndi madzi omwe kuyambira pakati pa usiku. Papa Pius XII anachepetsa nthawiyi kufika pa maola 3 mu 1957, ndipo Papa Paul VI anaitsitsa kufika pa ola limodzi mu 1964. Zifukwa zake zinali zomveka, poti Misa zamadzulo zinali zitaloledwa ndipo anthu ogwira ntchito ankalephera kukhala ndi njala tsiku lonse. Nanga lero ndi angati akudziwa kuti lamulo la ola limodzili likadalipo m'malamulo a Mpingo? Mpingo unapeputsa katundu kuti ambiri afike pa guwa, ife tinamva ngati wanena kuti kukonzekera n'kosafunika. Chimodzimodzi ndi Lachisanu. Mu 1966 Paul VI analola maepiskopi kusankha njira ina yodzimana m'malo mosala nyama, ndipo akhristu ambiri anangoleka zonse. Maepiskopi a ku England ndi Wales ataona zimenezi anabwezeretsa kusala nyama Lachisanu lililonse mu 2011, ndipo potero sanapandukire Msonkhano wa ku Vatican.

Pamwamba pa zonsezi pabwera foni ya m'manja. Yatizoloweza kuti kanthu kakapanda kutisangalatsa m'masekondi ochepa, tikakankhe ndi chala n'kupita pa kena. Munthu wozolowera moyo wotere akalowa m'tchalitchi amayembekezera kusangalatsidwa, ndipo ansembe ena, poopa kutaya achinyamata, amayesa kupikisana ndi TikTok pogwiritsa ntchito nthabwala, magetsi ndi zokuzira mawu. Mpikisano umenewu sangaupambane, chifukwa kunja kuli akatswiri olipidwa kuti atigwire maso usana ndi usiku. Papa Francis yemwe, amene okonda zakale samuwerengera kumbali yawo, anadandaula poyera mu Novembala 2017 kuti pa Misa amaona mafoni ali m'mwamba kujambula zithunzi, ena mwa iwo ali m'manja mwa ansembe ndi maepiskopi. Anakumbutsa anthu kuti wansembe amatiuza kukweza mitima, sanena za mafoni. Nthawi ya Covid-19 inawonjezera vutoli, pakuti ambiri anazolowera kuonera Misa atakhala pa sofa, ndipo ena sanabwererenso.

Ndiye tisadabwe kuti chaka chilichonse pa Pentekoste anthu masauzande ambiri, ochuluka mwa iwo achinyamata, amayenda pansi masiku atatu kuchoka ku Paris kupita ku Chartres m'dziko la France, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, n'kukamaliza ndi Misa ya Chilatini. Anawa anabadwa patatha zaka zambiri Misa yatsopano ya 1969 itayamba, kotero sangalire zinthu zomwe sanazionepo. Ndikhulupirira kuti amapita kukafuna malo amodzi omwe safanana ndi zimene amaona pa foni tsiku lonse, kumene munthu amagwada nthawi yaitali ndipo palibe amene akuyesa kumuseketsa.

Sindikuti okonda mwambo wakale alibe zolakwa. Ena mwa iwo ali ndi mtima wonyoza Misa imene Akatolika ochuluka padziko amapemphera, ndipo tikudziwa kumene mtima wotere unafikitsa Arkiepiskopi Marcel Lefebvre, yemwe mu 1988 anadzoza maepiskopi anayi ku Écône, m'dziko la Switzerland, popanda chilolezo cha Papa John Paul II. Komanso Misa yakale inali ndi ansembe ake othamanga, ndi akhristu omwe ankangopemphera kolona osatsatira zochitika pa guwa. Kumva Mthenga Wabwino m'chinenero chako ndi mphatso yomwe sindingalole kuti ilandidwe.

Pempho langa kwa abambo ansembe ndi makomiti a chipembedzo ndi laling'ono, ndipo silifuna chilolezo chochokera ku Rome. Malangizo a m'buku la Misa lomwe tikugwiritsa ntchito lero amanena kale za kukhala chete ulaliki ukatha ndiponso tikalandira Ukaristia. Tsatirani zimenezo, ngakhale mphindi ziwiri zokha, ndipo zolengeza zidikire mpaka pemphero lotsiriza litatha. Kwa aphunzitsi a makwaya, mu 1974 Papa Paul VI anatumiza kwa maepiskopi onse kabuku kotchedwa Jubilate Deo, momwe muli nyimbo zosavuta monga Kyrie (Ambuye mutichitire chifundo), Sanctus (Woyera) ndi Agnus Dei (Mwana wa Nkhosa wa Mulungu), zoti Mkatolika aliyense azidziwe. Kapezeni kabukuko, ndipo muyambe ndi Agnus Dei m'nyengo ya Lenti ikubwerayi.

Ndine wowerenga wanu,
Mkatolika wokhudzidwa