Chuma cha m'chigawo chapakati chisatsamire pa fodya yekha

Akonzi,

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza ndi mafuta a galimoto inakwera pompo, chifukwa zonsezi timagula kunja ndi madola. Dera limene linavutika kwambiri ndi lomwe limadalira mbewu imodzi.

Kuno ku Lilongwe ndalama zambiri zimalowa msika wa fodya wa ku Kanengo ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo zimauma ukatsekedwa. Fodya akagulidwa motchipa, wogulitsa malata, telala ndi wakabaza onse amagona ndi njala. Chimene chimadzutsa dera msanga ndi ndalama zolowa miyezi yosiyanasiyana: soya, mtedza, nkhuku, tomato wa kudimba.

Koma vuto lili pokolola. Mlimi amagulitsa soya kwa mavenda mu Meyi, mtengo uli pansi, poti ngongole ya feteleza yamugwira pakhosi. Akanakhala ndi nkhokwe ya gulu, akanadikira miyezi itatu kapena inayi. Chimanga chiumitsidwe mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti chisanalowe m'thumba, apo ayi chimaola ndi kufumbwa. Mtedza ukanyowetsedwa kuti usendeke mosavuta umachita chuku, ndipo ogula akunja amaukana. Zimenezi ambiri amazidziwa, koma amanyowetsabe.

Khonsolo ndi mabanki athandize magulu a alimi kugula makina oyengera mafuta ophikira. Soya woyengedwa kuno amasiya chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, komanso ntchito kwa achinyamata a ku Mitundu ndi ku Nsundwe.

Owerenga anu,
Area 25, Lilongwe