Tikaona zoopsa pa njanji tizikanena kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzi yanuyi za njanji yathu ija yochokera ku Limbe kudutsa pa Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani mpaka kutsikira ku Makhanga. Ife okhala mphepete mwa njanjiyi timaona zinthu zambiri zoopsa tsiku ndi tsiku koma sitidziwa kokanena, ndipo ngakhale utadziwa umayamba waganiza kaye kuti kodi dzina langa silituluka?

Njanji imeneyi si ya dzana ayi, sitima inayamba kufika ku Blantyre kuchokera ku Nsanje mu 1908 nthawi imeneyo Nsanje ikutchedwa Port Herald. Makolo athu ndi momwe amatumizira nthochi, chinangwa ndi nandolo ku Limbe, ndipo madera ngati Sandama ndi Thekerani kumene misewu imavuta mvula ikagwa, sitima ndiye inali mayendedwe odalirika komanso otchipa. Chidukireni njanji cha ku Chiromo mu 1997 sitima inasiya kuoloka kupita ku Bangula, kenako madzi osefukira a 2015 anadzaonongaso malo ambiri, namondwe wa Freddy wa mu 2023 ndiye sindinena, tonse a ku Thyolo ndi Mulanje tinaona tokha momwe mapiri anagumukira. Ndiye zomwe zatsala kapena zomwe zikukonzedwa tikuyenera kuzisamala zedi.

Koma tangoyendani wapansi mu njanji mamawa muone. Mupeza malo ena tizitsulo topiringizika tija togwira njanji pa masilipa (mitanda yomwe njanji imagonapo) tachotsedwa mondondozana, pamangotsala mabowo ndi dzimbiri latsopano losonyeza kuti achotsa posachedwa. Pena ndi mabawuti a pamalo polumikizira njanji ziwiri, amasula anayi nkusiya awiri kuti zisaoneke msanga. Anyamata amakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo, ndalama yake yosakwana ndi ndiwo za masiku awiri, koma chomwe asiya kumbuyo ndi imfa. Tizitsulo timeneti ndi tomwe timapangitsa kuti njanji ziwiri zija zisatalikirane, tikachoka makamaka pa kona, kulemera kwa sitima kumazikankhira kunja mateyala nkugwera pakati, mabogi onse nkutsatira. Nthawi yotentha ngati Okutobala chitsulo chimafutukuka ndiye njanji yosagwidwa bwino imapindika yokha. Ndipo sitima si minibasi yoti dalaivala akaona vuto aponda buleki nkuima pompo, imapita mtunda wautali isanaime, nanji kuno njanji yake ndi ya makona ndi zitsetso potsikira ku Ruo.

Palinso ena akutapa miyala ya mu njanji kukathira pa maziko a nyumba, ena akukumba mchenga pansi penipeni pa milatho, ena alima mpaka khasu kugunda silipa, mvula ikabwera dothi lonse limakokoloka njanji nkutsala ili lende. Makalavati atsekeka ndi zinyalala madzi akungodutsa pamwamba. Ana a sukulu nawonso amaika miyala ndi misomali pa njanji ati aone momwe iphwanyikire.

Zonsezi amaziona ndi mayi amene akupita kumunda 5 koloko mmawa, wa kabaza, m'busa wa mbuzi. Ogwira ntchito oyendera njanji sangakhale paliponse nthawi imodzi, zimenezo ndikumvetsa. Koma funsani mayi ameneyu kuti akaona njanji yalendewera aimbe foni kuti, sakuyankhani. Pa malo ambiri owolokera palibe chikwangwani cha nambala ya foni. Kupolisi ndi kutali, ukwere njinga ya moto ndi ndalama yako, ukafike uyambe kufunsidwa kuti iwe umatani mu njanjimo, ndiye ambiri amangoti zisiyeni si zanga. Chinanso chachikulu ndi mantha, wakubayo ndi mwana wa neba wako kapena mphwako amene, mawa mukumana pa maliro, ndipo zikamveka kuti waulula ndi iwe, usiku akusengera chimanga chosakhwima kapena kukuotchera khola. Anthu sikuti ndi ouma mitima, akuopa.

Pempho langa kwa a kampani yoyendetsa sitima ndi a unduna wa zamtengatenga ndi loti pakhale nambala imodzi yaulere, yaifupi, yoti munthu aimbe ngakhale alibe mayunitsi, ilembedwe ndi penti mu Chichewa pa siteshoni iliyonse, pa milatho ndi powolokera ponse. Pakhalenso ya WhatsApp kuti amene ali ndi foni ya kamera atumize chithunzi. Woyankha foniyo asayambe ndi kufunsa dzina, afunse malo, chomwe chaoneka ndi nthawi basi, ndipo akhale munthu woti atha kuimitsa sitima isananyamuke. Zikwangwani za makilomita zija muziwaphunzitse anthu kuwerenga kuti azinena malo enieni, mmalo mongoti kuseri kwa chitunda pafupi ndi mtengo wa mango. Ndipo munthu akanena, pabwere anthu kudzakonza anthu aone, chifukwa ukanena kawiri osaona kanthu kachitatu sudzavutikanso.

Mafumu athu ndi a chitetezo cha m'mudzi muwaitane muwauze zoyenera kuyang'ana, iwowa amadziwa mnyamata aliyense amene walemera mwadzidzidzi. Koma apolisi musamangogwira anyamata onyamula thumba okha, pitani kwa ogula zitsulowo mukavundukule milu yawo, chitsulo cha njanji sichisowa, ngakhale mwana achizindikira. Amene akugula akudziwa bwino lomwe chomwe akuika pa sikelo, ndipo galimoto zomwe zimanyamula zitsulozi zimadutsa pa marodibuloko masanasana.

Ndine wokhudzidwa,
Khonjeni, Thyolo