Kutupa kwa kuseri kwa khutu sikofunika kudikira

Akonzi,

Tiloleni tikumbutse makolo za malo amodzi pamutu amene ambiri sawayang'ana mwana akamadwala khutu. Gwirani kuseri kwa khutu, chakumunsi pang'ono: mumva fupa lotukuka. Madokotala amalitcha mastoid, ndipo ndi mbali ya fupa la chigaza lomwe lasunga khutu lamkati. Akalemba pakhadi kuti postauricular amanena kuseri kwa khutu, pomwe retromastoid ndi kumbuyo kwa fupa limeneli.

Mkati mwake fupali si logwirana lonse. Lili ndi timabowo ta mpweya ngati chisa cha njuchi, ndipo timabowoti n'tolumikizana ndi kachipinda kamene kali kuseri kwa nembanemba ya khutu. Ndiye mafinya akachuluka m'khutu, tizilombo timalowerera m'timabowomo, n'kudya timakoma tafupa mpaka mafinyawo kutulukira pansi pa khungu. Zikafika apa khutu limakankhidwira kutsogolo ndi pansi, kamzere ka pakati pa khutu ndi mutu kamafufutika, khungu limafiira, thupi limatentha, ndipo mwana amalira mukangomukhudza pamenepo. Imani kumbuyo kwake muyerekeze makutu awiriwo. Lodwalalo limaoneka lotambasuka.

Ambiri amapusitsika poganiza kuti ndi mwanabere. Mwanabere amakhala kachotupa kakang'ono kamene kamasuntha pansi pa chala, ndipo sakankha khutu.

Kuopsa kwake n'kwakuti fupali lazunguliridwa ndi ziwalo zosafuna masewera. Pamwamba pake pali kafupa kopyapyala kolekanitsa khutu ndi nembanemba zokuta ubongo, chakumbuyo kwadutsa mtsempha waukulu wochotsa magazi m'mutu, ndipo mkati mwake mwadutsa mtsempha woyendetsa nkhope. Mafinya akaboola, mwana atha kudwala matenda oumitsa khosi, kuchita chithupsa mu ubongo, magazi kuundana mumtsempha, kapena kukamwa kupotokera mbali imodzi. N'chifukwa chake malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO okhudza ana osakwana zaka 5 amati kutupa kopweteka kuseri kwa khutu kukapezeka, mwana alandire mlingo woyamba wa antibayotiki ndi paracetamol, kenaka atumizidwe kuchipatala chachikulu msangamsanga. Kumeneko mankhwala amadzera mumtsempha, ndipo chithupsa chikakhalapo amachikhetsa, nthawi zina mpaka kupala fupa lowonongekalo pa opaleshoni. Kunyumba musafinye, musaboole, musathire mafuta m'khutu.

Khutu lotuluka mafinya koma losatupa kuseri nalonso lipite kuchipatala, makamaka likakwanitsa masiku 14. Podikira, liumitseni katatu pa tsiku ndi kansalu koyera kofewa kokulungiza ngati chingwe cha nyali. Kalowetseni pang'ono, kakanyowa sinthani, mpaka kazituluka kouma. Kamtengo ka machesi kapena chotokosera m'makutu kamangokankhira mafinya mkati.

Malo omwewa amaululanso ngozi ina, ngakhale kwa akulu. Munthu akamenyeka mutu, ndiye patapita tsiku limodzi mpaka atatu kuseri kwa khutu n'kuda ndi magazi oundana pansi pa khungu, mwina chigaza chathyoka kunsi kwake. Ngati m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka madzi oyera, atha kukhala madzi ozungulira ubongo. Musatseke ndi thonje. Phimbani kunja kokha ndi nsalu yoyera, musamugwedeze khosi, ndipo mufikitseni kuchipatala tsiku lomwelo.

Ife,
Ogwira ntchito zaumoyo