Tepi ndi imene imakongoletsa helemeti

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata amene ayamba kuumba mahelemeti otengera a m'mafilimu. Kuumba akukutha, koma pa penti ndi pamene akuwonongera ntchito yawo, ndipo zimandiwawa.

Helemeti yanga yoyamba inali ya Boba Fett, amene anaoneka mufilimu ya Star Wars yotchedwa The Empire Strikes Back mu 1980: yobiriwira, yofiira mozungulira poonera, ndi timizere tachikasu kumbali. Timizereto ndinatchingira ndi selotepi. Penti inalowa pansi pake, ndipo pomatula, selotepiyo inachoka ndi yobiriwira yomwe. Masabata atatu anapita m'madzi.

Helemeti ndi yobulungira, choncho tepi yotambalala imachita makwinya, ndipo khwinya lililonse ndi njira ya penti. Masiku ano ndimamata tepi yapepala, yachikasu ya kampani ya Tamiya, pagalasi n'kuidula ndi lezala m'timizere ta mamilimita 2 kapena 3. Yopyapyala chonchi imakhota bwinobwino. Imeneyi ndiyo imalemba malire; kwina konse ndimaphimba ndi nyuzipepala. Ndisanamate ndimayamba ndaigunditsa pathalauzi kuti ulimbo uchepe mphamvu, ndipo penti yapansi iyenera kukhala itagona tsiku lathunthu.

Apa ndi pamene ambiri amadumpha. Mukatsindira m'mphepete mwa tepi ndi kamtengo ka machesi, musathamangire mtundu watsopano. Yambani mwapopera pang'ono mtundu wapansi womwewo. Ngati pali kampata, yolowamo ndi yobiriwira pa yobiriwira, ndipo ikauma yatseka. Kenako yachikasu, mopepuka, katatu, chitini chili masentimita 25 kuchokera pa helemeti. Tepi muichotse penti itangoyamba kuuma, mukuipindira kumbuyo pang'onopang'ono. Mukaisiya mpaka mawa, mzere umatuluka wa manomano.

Zipsera zooneka ngati helemeti yadutsa m'nkhondo ine sindizijambula ndi bulashi ayi. Pansi pamapita siliva. Ikauma ndimadontheza mankhwala otsukira mano pamene ndikufuna pakhale pokalika, n'kupopera yobiriwira pamwamba. Ndikapukuta ndi kansalu konyowa, siliva imatulukira ngati chitsulo chenicheni. Ena amagula Maskol, mankhwala otchingira penti a kampani ya Humbrol, koma ine a mano omwewa amandikwanira.

Pa helemeti yachiwiri kumata tepi kunanditengera madzulo awiri, kupopera timizereto mphindi khumi. Mwana wa mlongo wanga anaivala pa sewero la kusukulu kwawo, ndipo aphunzitsi ake anafunsa kuti tinaitanitsa kuchokera kuti.

Ine wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre