Tisunge masewero a Du Chisiza

Akonzi,

Malemu Du Chisiza Jnr adayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Ankalemba sewero, kuliwongolera, n'kutenganso mbali pa siteji. Vuto lili pomwepa: gulu lotsamira munthu mmodzi limagwedezeka iye akachoka. Gertrude Kamkwatira adalinyamula, koma nayenso adatisiya mu 2006.

Tikupempha unduna woona zachikhalidwe utolere zolemba za Du Chisiza zitayipidwe, pamodzi ndi malangizo a polowera, potulukira ndi nthawi yoyatsa magetsi, chifukwa mawu okha sakwanira kuti sewero lidzuke. Palinso nkhani ya matepi a vidiyo a masewero ake: matepi amachita nkhungu akakhalitsa. Asamutsidwire pa kompyuta msanga, kope limodzi likasungidwe ku National Archives ku Zomba.

Okonda zisudzo,
Blantyre