Pempho la Thandizo: Tikufuna Kuchotsa Dzala la Pasukulu Pathu Mvula Isanagwe

Kwa makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, eni mabizinesi ndi onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya sukulu ina ya pulayimale ya ku Mtandire, mumzinda wa Lilongwe, tikukupemphani kuti mutigwire mkono pa ntchito yokonza kasamalidwe ka zinyalala pasukulu pathu.

Kuseri kwa makalasi a Sitandade 1 kuli dzala limene tinakumba kuti tizitayamo mapepala ndi masamba osesedwa pabwalo, koma lero lasanduka chulu chifukwa mukutayidwanso makoko a nthochi, zitsononkho, majumbo, mabotolo ngakhale matewera a ana. Sitikuloza munthu chala, pakuti tonse tikudziwa kuti m'dera lothinana ngati lino mabanja ambiri alibe malo okumba dzala lawo. Komabe mvula ikagwa majumbo amatseka ngalande, madzi onyansa amasefukira pamene ana amakhala pomwa phala, ndipo zotsalazo zimakokolokera mumtsinje wa Lingadzi, umene amayi ambiri amachapako zovala. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023.

Kutentha zinyalala tinayesa, koma utsi wa mapulasitiki umatsokomoletsa ana m'kalasi, ndiye tinasiya.

Chimene tagwirizana ndi kumanga khola la njerwa la zipinda zitatu. M'chipinda choyamba muzipita zonse zowola, zimene tizisakaniza ndi phulusa, ndowe ndi dothi pang'ono, n'kumazitembenuza mpaka zitapsa kukhala manyowa a kompositi. Manyowawa tizithira m'dimba la sukulu, mmene tikufuna kudzala chimanga, soya ndi masamba othandizira phala la ana, popeza mtengo wa feteleza masiku ano komiti ngati yathu singaukwanitse. M'chipinda chachiwiri tizisungamo mabotolo ndi zitsulo zogulitsa kwa amene amagula zoterezi, ndipo kangachepe kamene tizipeza kazigulira sopo ndi matsache. Zotsala zokha, zimene tizisunga m'chipinda chachitatu, ndi zimene zizinyamulidwa kupita kumalo otayirako zinyalala ku Area 38. Amalonda a pageti tawapemphanso kuti asiye majumbo opyapyala, amene boma linaletsa mu 2015, chiletso chimene Khothi Lalikulu la Apilo linachivomereza mu 2019.

Makolo aumba kale njerwa ndipo alonjeza kututa mchenga ndi madzi. Chimene chatisowa ndi simenti, malata ofolera chipinda cha manyowa, mawilibala, mafosholo, makasu, magolovesi ndi nsapato za jombo za amene azisankha zinyalalazo, pakuti ntchito imeneyi izigwiridwa ndi akuluakulu, osati ana. Tikupemphanso aliyense amene ali ndi lole kuti atibwereke tsiku limodzi lochotsera chulu chimene chilipochi, komanso mlangizi wa zaulimi amene angadzipereke kutiphunzitsa kapangidwe kabwino ka kompositi.

Thandizo lililonse, la ndalama kapena la katundu, liperekedwe ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, kumene msungichuma wa komiti adzapereka lisiti, ndipo zonse zolandiridwa zidzawerengedwa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Tikufunitsitsa kuti khola likhale litatha mwezi wa Novembala usanafike.

Ife anu,
Komiti ya Sukulu